Kaodzera Akatha, Moyo Umayambira Pati?

Mukamachokera ku Salima kulowera ku Dwangwa pa msewu wa M5, nyanja imakhala kudzanja lamanja, mapiri a nkhalango ya Nkhotakota kumanzere. Anthu a boma la Nkhotakota amakhala pakati pa ziwirizi, ndipo zonse zimawadyetsa: kunyanja usipa, utaka ndi chambo, kumtunda chinangwa cha kondowole, mpunga wa m'madambo, nkhuni ndi uchi. Zonse ziwiri zimawadwalitsanso. Kunyanja kuli likodzo, malungo ndi kolera wa m'dzinja. Kunkhalango kuli kashembe, ntchentche yoluma imene imafalitsa kaodzera.

Kaodzera akatuluka m'nyuzipepala amatuluka ndi manambala. Mu 2019 ndi mu 2020 dziko lino lidapeza odwala pafupifupi 90 chaka chilichonse, ochuluka kwambiri poyerekeza ndi zaka zam'mbuyo mwake, ndipo ambiri adali a ku Nkhotakota ndi a ku Rumphi, kufupi ndi dambo la Vwaza. Manambalawo amatiuza amene adagonekedwa ndi amene adatisiya. Za bambo amene adatuluka m'chipatala ali moyo, n'kukapeza ukonde utagulitsidwa, munda utasanduka thengo, ana akumuyang'ana mwamantha chifukwa adamuona akubwebweta, sitimvako. M'buku lake la kuchipatala adalembamo kuti wachira. Kwa mwini wakeyo, ulendo wovuta ndi pamene ukuyamba.

Ndikulemba za anthu amenewa chifukwa ndili ndi chikhulupiriro chimodzi pa iwo. Munthu amene wapulumuka ku matenda aakulu kapena ngozi yoopsa amadzukadi pamene anzake ayambanso kumufuna: kumutuma, kumufunsa nzeru, kumusungitsa kanthu. Mawu achilimbikitso ndi abwino, koma amatha alendo akangotsanzika. Nkhotakota ali ndi umboni wa zimenezi pakhomo pake pomwe, ndipo sitikuugwiritsa ntchito mokwanira.

Amayamba ngati malungo

Kaodzera si mlendo kuno. Mu 1910 akatswiri awiri a ku Liverpool, Stephens ndi Fantham, adazindikira kachirombo kake m'magazi a munthu amene adalumidwa m'chigwa cha Luangwa. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse isanabuke, gulu lotsogozedwa ndi David Bruce lidali kale ku Nyasaland kufufuza matendawa m'dera la ku Domira Bay, kumwera kwa Nkhotakota. Zaka zoposa 100 zapita, kashembe akadalipo.

Kachiromboka kamakhala m'magazi a nyama monga mbawala ndi njiri, komanso ng'ombe. Kashembe akayamwa magazi a nyama yotere, patapita masabata angapo amatha kupatsira munthu. Nkhalango ya Nkhotakota ndi yaikulu, pafupifupi masikweya kilomita 1,800. Kuyambira 2015 ikusamalidwa ndi bungwe la African Parks mogwirizana ndi nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire, ndipo mu 2016 ndi 2017 kudabwera njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete. Polimbana ndi kashembe amakoleka nsalu za buluu ndi zakuda zothira mankhwala, popeza ntchentcheyi imakopeka ndi mitundu imeneyi. Komabe ntchentche simva mpanda. Wolima m'mbali mwa waya, wotola nkhuni, wozula bowa, wofula uchi, wowedza mpasa mu mtsinje wa Bua, ngakhale woyenda pa msewu wopita ku Kasungu umene umadutsa m'nkhalangomo, onsewa angathe kulumidwa.

Vuto lalikulu ndi lakuti matendawa amayamba ngati malungo. Thupi limatentha, mutu umawawa, m'mfundo mumaphwanya. Nthawi zina pamalo polumidwa pamatuluka chotupa, koma si aliyense amachiona. Wodwala amapita kuchipatala chaching'ono, amalandira LA ndi panado, amabwerera kunyumba. Thupi likazizira masiku awiri amati zatheka. Likatenthanso amapitanso, kapena amagula mankhwala pagolosale. Ulendo wachitatu achibale amayamba kunong'onezana kuti izi si za kuchipatala, ndipo nkhuku ndi mbuzi zimayamba kupita kwa sing'anga. Ofufuza a ku Kamuzu University of Health Sciences adapeza kuti kaodzera wa ku Nkhotakota amayenda mwakachetechete kusiyana ndi wa ku Rumphi, amene amagwetsa munthu msanga. Zimenezi zimamveka ngati mwayi, koma zikutanthauzanso kuti munthu wa kuno angathe kuzunzika nthawi yaitali, akuonda, akufooka, akuwononga ndalama, asanamve dzina la chimene chikumudya.

Kachirombo kakafika ku ubongo ndi pamene banja limaona zoopsa. Munthu amagona masana, usiku maso ali gwa. Wina amangoti phwii m'tulo mbamu ya nsima ili m'manja. Wina amene adali wofatsa amasanduka waukali, amatukwana apongozi, amaiwala mayina a ana ake, amathawira kutchire. Pamenepo pamudzi pamamveka zitatu: amulodza, wapenga, kapena fodya wamkulu wamuzunguza mutu. Popanda mankhwala mapeto ake ndi imfa.

Ndipo mpaka posachedwapa mankhwala ake omwe adali oopsa. Madokotala ankayamba apopa madzi a pamsana kuti adziwe ngati matenda afika ku ubongo. Ngati sanafike, wodwala ankabayidwa suramin, mankhwala a zaka za m'ma 1920. Ngati afika, ankabayidwa melarsoprol, amene adayamba kugwiritsidwa ntchito mu 1949 ndipo amapangidwa kuchokera ku poizoni wa arsenic. Amawotcha m'mitsempha polowa, ndipo pa odwala 20 aliwonse, pafupifupi mmodzi ankafa ndi mankhwalawo, osati matenda. Amene adadutsa m'jakisoni ameneyu adaona manda ali pafupi kawiri konse.

Tsopano kuli mapiritsi otchedwa fexinidazole, omwa kwa masiku 10 pamodzi ndi chakudya. Adapangidwa ndi bungwe la DNDi ndi kampani ya Sanofi. Bungwe loona za mankhwala ku Ulaya lidawavomereza pa mtundu wa kaodzera wa kuno mu December 2023, bungwe la zaumoyo la dziko lonse la WHO lidawaika patsogolo m'malangizo ake mu 2024, ndipo odwala a m'dziko muno adayamba kuwalandira. Apa pali mfundo imene ndimafuna Mmalawi aliyense aidziwe. Pa mtundu wa kunowu, mapiritsiwa adayesedwa pa odwala 45 okha, pa chipatala cha boma cha Rumphi ndi ku Lwala m'dziko la Uganda. Anthu wamba amenewa, alimi ndi ana a alimi, adavomera kumwa mankhwala atsopano ali pakati pa moyo ndi imfa. Chifukwa cha iwo, mwana wa ku Nkhotakota, wa ku Zambia kapena wa ku Tanzania angathe kuchira osabayidwa poizoni. Kudwala kwawo kudabala chipatso, ngakhale mayina awo sadzalembedwa pa chipilala chilichonse.

Tsiku lofika pakhomo

Tsiku lotuluka m'chipatala limakhala la nthungululu. Gadiyani amene wagona pansi masabata onsewo amamanga mapoto ndi mphasa, kabaza amabwera, pakhomo anthu amasonkhana. Aliyense wolowa amati, "Pepani ndi matenda," ndipo pomaliza onse amagwirizana mawu amodzi: "Bola moyo." N'zoona, bola moyo. Koma sabata ikatha alendo amachepa, ndipo wochirayo amatsala ndi zimene mawuwo sadatchule.

Choyamba ndi ngongole. Mankhwala a kaodzera ndi aulere, koma thiransipoti, chakudya cha gadiyani, ndi zonse zimene zidapita kwa asing'anga si zaulere. Ndalama ya banki mkhonde imene mayi adatenga kuti aodere usipa idathera panjira. Ngati matenda adagwa m'nyengo yolima, chaka chimenecho nkhokwe mulibe kanthu. Ngati wodwala adali m'gulu la chilimira, mwini ukonde adapeza kale mnyamata wina wokoka, chifukwa nyanja sidikira wodwala.

Chachiwiri ndi thupi limene silimveranso monga kale. Ena amabwerera mwakale msanga. Ena, makamaka amene matenda adawafika ku ubongo, amatenga miyezi akufooka, akuiwalaiwala, akulephera kugona bwino. Khasu limene ankalima nalo mpaka dzuwa litafika paliwombo tsopano limamutopetsa mizere iwiri. Thupi likangotentha pang'ono mtima umalumpha: kodi zabwereranso?

Chachitatu ndicho chimapweteka kwambiri, ndipo ndi pamene ife athanzi tili ndi mlandu. Pamudzi sitiiwala tsiku limene munthu adavula kapena kutukwana pagulu. Dzina lake limasintha, amakhala "uja adapenga uja". Pa msonkhano wa chitukuko akakweza dzanja, anthu amayang'anizana. Adali msungichuma wa mjigo, koma buku adalipereka kwa wina ndipo palibe akunena zolibweza. Ngati ndi mtsikana, ankhoswe a mnyamata amayamba kuzengereza. Palibe amene amamuthamangitsa. Timangomuchitira ulemu wa wodwala mpaka kalekale: "Khalani apa, Amalume, musavutike, tichita ndife." Chifundo chotere chimapha munthu pang'onopang'ono, chifukwa chimamuuza tsiku ndi tsiku kuti alibenso ntchito. Akuluakulu adati lungalunga n'pobadwa, chilema chichita kudza. Tikadamaukumbukira mwambiwu, sitikadamuika pambali mnzathu amene chamudzera lero.

Kodi mavuto amakulitsadi munthu?

Akatswiri a zamaganizo adalifufuza funso limeneli. Mu 1996 Richard Tedeschi ndi Lawrence Calhoun a ku yunivesite ya North Carolina ku Charlotte adafalitsa zimene adapeza atamvetsera anthu opulumuka ku matenda, ngozi ndi maliro owawa. Ambiri mwa anthuwo ankanena kuti asintha: moyo amauona wamtengo wapatali kuposa kale, ubale wawo ndi anthu ena wazama, adzizindikira kuti ndi olimba kuposa mmene ankadziganizira, aona njira zatsopano zimene sankaziona, ndipo chikhulupiriro chawo chasintha maonekedwe. Zaka 50 izi zisanachitike, mu 1946, dokotala wa ku Vienna Viktor Frankl, amene adapulumuka m'ndende za chipani cha Nazi koma mkazi wake ndi makolo ake adafera momwemo, adalemba buku lofotokoza kuti munthu amapirira zoopsa akakhala ndi chifukwa chokhalira moyo, kaya ndi ntchito yoti amalize kaya ndi munthu woti amusamale.

Ndimalemekeza zimenezi, koma ndikuopa mmene tingazigwiritsire ntchito molakwika. Akatswiri omwewo adachenjeza kuti si aliyense amakula, komanso kuti kukulako sikuchotsa ululu. Ziwirizi zimagona nyumba imodzi. Kaodzera si mphunzitsi, ndi matenda. Palibe amene ayenera kumuthokoza. Ndimamva kuwawa wochira akamakakamizidwa kuimirira m'tchalitchi kuti apereke umboni wosalala, wopanda mkwiyo, wopanda funso, ngati kuti kudandaula n'kusayamika Mulungu. Mayi amene mwana wake adafa pa bedi loyandikana ndi lake ali ndi ufulu wonena kuti sakuona phindu lililonse m'zimene zidachitika. Yobu wa m'Baibulo adadandaula machaputala ambiri, ndipo amene adadzudzulidwa pamapeto adali anzake odziwa kufotokoza.

Chinanso n'chakuti mabuku amenewa adalembedwa kumene munthu angathe kupeza mlangizi wa zamaganizo, n'kukhala naye m'chipinda kusanthula mtima wake. Mlimi wa kwa Mwansambo kapena msodzi wa ku Chia alibe chipinda chotero. Koma ali ndi china chimene ambiri a kunjako akuchisowa: mudzi umene umafuna manja tsiku lililonse. Kuno tanthauzo la moyo munthu salipeza atakhala yekha n'kumadzifunsa. Amalipeza pa maliro atamupatsa udindo wolandira chipepeso, padoko atamufunsa ngati mwera uomba lero, pabwalo atamupatsa mpata woyankhula n'kumumvetsera.

Phunziro limene Edzi idatisiyira

Izi sindikuzitenga m'mutu. Tidaziona ndi maso athu m'zaka za Edzi.

Amene adalipo m'zaka za m'ma 1990 akukumbukira mmene zinkakhalira. Munthu akayamba kuonda ankatchedwa maliro oyenda. Ankamupatsa mbale yakeyake. M'madoko a nsomba, kumene ndalama zimabwera usiku umodzi n'kutha mawa lake, matendawa adasesa anthu kwambiri. Mkati mwa mdima umenewo, mu 1990, mnyamata wa ku Zambia Winstone Zulu adaimirira poyera n'kunena kuti ali ndi kachirombo, woyamba kutero m'dzikolo. Adali atalumala kale mwendo ndi poliyo ali mwana, pambuyo pake adadwalanso TB, matenda amene adatenga abale ake angapo. Adakhala moyo mpaka 2011, ndipo zaka zonsezo adazithera kumenyera ufulu wa odwala kuti apeze mankhwala. Kuno kwathu, mu 1993 anthu ochepa amene adapezeka ndi kachirombo adayambitsa bungwe la NAPHAM, ndipo m'boma lino bungwe la Nkhotakota AIDS Support Organisation lidagwira ntchito yomweyo m'midzi.

Ma ARV aulere adayamba kuperekedwa m'zipatala za boma mu 2004. Anthu amene adali atagawa kale katundu wawo adadzuka. Koma mapiritsi adangobweza thupi. Chimene chidabweza ulemu ndi magulu othandizana amene ankakumana pansi pa mtengo, kulima dimba limodzi, kuweta mbuzi zopatsirana, kuyendera mnzawo amene wagona. Kenaka zipatala zidazindikira kuti palibe namwino angalimbikitse munthu wongoyezedwa kumene kuposa mnzake amene akumwa mankhwala omwewo. Choncho kudabwera ma expert client, anthu okhala ndi kachirombo amene amakhala pakiliniki, kulandira atsopano, ndi kupalasa njinga kukafuna amene asiya kudzatenga mankhwala. Mayi amene dzulo anthu ankamulozerana ndi milomo, lero amamuitana kuti alangizi. Chimene chidali manyazi ake chidasanduka ukatswiri wake.

Kumwera kwathu ku Salima kuli chitsanzo china. Namwino Lucy Finch, wobadwa ku banja la Kishindo, atakhala zaka zambiri kunja adabwerera kwawo n'kuona mmene odwala Edzi ndi khansa ankafera ndi ululu wosaneneka. Mu 2007 adatsegula malo otchedwa Ndi Moyo, osamalira anthu a matenda osachiritsika kuti masiku awo otsala akhale opanda ululu ndi aulemu. Mu 2016 wailesi ya BBC idamuika pa mndandanda wa amayi 100 odziwika a chaka chimenecho. Chisoni chimene adachiona sichidamuthere m'mtima, adachisandutsa ntchito.

Funso langa ndi ili: ngati njira imeneyi idatheka pa Edzi, bwanji osaiyesa pa kaodzera? Vuto lalikulu la matendawa ndi kuchedwa kuzindikirika. Nanga ndani angazindikire msanga kuposa amene adawadwala, kapena mkazi amene adadwazika mwamuna wake? Iyeyo akudziwa mmene malungo osamva LA amayendera. Akudziwa tulo tachilendo tija. Akudziwa mawu oyenera kunena kwa agogo amene akukakamira zopita kwa sing'anga, chifukwa naye adapitako. Alangizi a zaumoyo m'midzi yoyandikana ndi nkhalango ali ndi ntchito zambiri: katemera, sikelo, zimbudzi, malungo. Wochira mmodzi m'dera la gulupu aliyense, wophunzitsidwa masiku ochepa ndi kupatsidwa njinga, angakhale maso awo. Ndipo tsiku limene adzaperekeze mwana wa mnansi kukayezetsa, mwanayo n'kuchira, dzina lija la "uja adapenga" lidzafa lokha.

Mabala osaoneka

Kaodzera si yekha amene wasiya zipsera m'mbali mwa nyanja ino. Kolera wa 2022 ndi 2023 adapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo maboma a m'mphepete mwa nyanja adali m'gulu la okhudzidwa kwambiri. Ambiri adaikidwa mwachangu, opanda mwambo wa maliro, achibale akuonerera patali. Kumapeto kwa February 2024 madzi adasefukira ku Dwangwa ndi madera ozungulira, anthu zikwizikwi adathawira m'misasa, ena adapulumutsidwa pa maboti, msewu wa M5 udaduka. Chaka chomwecho nyanja idakwera n'kulowa m'nyumba ndi m'minda ya m'mphepete. Onjezani amene adapulumuka m'kamwa mwa ng'ona, ndi asodzi amene bwato lidawagudubukira usiku, iwo n'kufika kumtunda, anzawo ayi.

Anthu amenewa tidawapatsa ufa, mabulangete ndi mapepala ofolera. Zidali zofunika. Koma mwana amene amanjenjemera mvula ikangoyamba kugunda pa malata, kapena bambo amene sangathenso kuponda m'bwato ndipo tsopano amangokhalira kachasu, tidawapatsa chiyani? Zipatala zazikulu za matenda a maganizo zili kutali, ku Zomba, ku Lilongwe ndi kwa St John of God ku Mzuzu, ndipo pamudzi anthu amaziona ngati za amene afika pomangidwa zingwe. Wongosowa tulo, wongolira yekha, wongokhala ndwii, timati akuganiza kwambiri, zimutha.

Ku Zimbabwe dokotala Dixon Chibanda adakumana ndi vuto lomweli la kuchepa kwa akatswiri. Cha m'ma 2006 adayamba kuphunzitsa agogo aakazi a ku Mbare, mu mzinda wa Harare, kukhala pa benchi panja pa kiliniki, kumvetsera munthu wovutika mumtima, ndi kumuthandiza kusankha vuto limodzi loti ayambe kulithetsa. Ntchitoyi, yotchedwa Friendship Bench, itayesedwa mwasayansi idaonetsa mu 2016 kuti imachepetsadi matenda a nkhawa ndi kukhumudwa, ndipo yafika kale m'zipatala zina za m'Malawi muno. Nkhotakota sasowa agogo. Sasowanso anthu amene adadutsa m'madzi ndi m'matenda, amene akamati "ndikumva" amanena zoona.

Mzikiti ndi tchalitchi nazo zili ndi gawo lalikulu, chifukwa kuno wodwala amafikiridwa ndi amayi a Dawa, a Mvano kapena a Mothers' Union asanafikiridwe ndi ofesi iliyonse. Tauni ya Nkhotakota ikudziwa kukhala ndi mbiri yowawa. Kuyambira zaka za m'ma 1840, pansi pa ulamuliro wa a Jumbe, padoko pano pankaolotsedwa akapolo kupita kutsidya, ulendo wa ku Kilwa. Mkuyu umene David Livingstone adakhala pansi pake pokambirana za malondawo ukuonetsedwabe kwa alendo. Lero Asilamu ndi Akhristu a pano amagula msika umodzi, amakwatirana, amaikana maliro. Anthu amene adatha kumanganso mudzi pamalo otere sangalephere kulandiranso mnzawo mmodzi wochokera kuchipatala. Chimene ndingapemphe kwa mashehe ndi abusa n'chakuti mapemphero asathere pa bedi la wodwala. Akachira, mupatseni makiyi a nyumba yopemphereramo, muikeni m'komiti, mutumeni kukaona odwala ena.

Zoyenera kuchita zili pafupi

Bungwe la WHO lidaika chaka cha 2030 kuti kaodzera wa mtundu wa kuno akhale atasiya kukhala vuto lalikulu la zaumoyo m'mayiko okhudzidwa. Mapiritsi alipo, nsalu zophera kashembe zilipo, makina oyezera magazi alipo pa chipatala cha boma. Chotsala ndi kufikitsa wodwala pa nthawi yake, ndipo pamenepa ochira ndiwo chuma chimene sitinachigwiritse ntchito.

Ofesi ya zaumoyo ya boma lino ikudziwa amene adagonekedwapo ndi kaodzera. Iwaitane amene angafune, popanda kukakamiza aliyense, iwafunse zimene adakumana nazo atabwerera kumudzi, ndipo iwaphunzitse kukhala alangizi a anzawo. Ndondomeko yowaonanso ochira isamangoyang'ana magazi. Namwino afunsenso ngati munthuyo akugona bwino, ngati wayambanso ntchito, ngati pakhomo pali mtendere. Mafumu a kwa Malengachanzi, Mphonde, Kanyenda, Kafuzira, Mwadzama ndi Mwansambo anene poyera pa misonkhano kuti kubwebweta kwa kaodzera ndi kachirombo, si ufiti kapena misala ya kumtundu, ndipo kumatha munthu akalandira mankhwala. Eni maukonde asunge malo a mnyamata amene wadwala. Ngati sangathe kukoka, ayambe ndi kusoka ukonde kapena kuyanika nsomba pa thandala mpaka mphamvu zibwerere. Magulu a banki mkhonde amupatse nthawi wobwereka amene ndalama yake idathera pa matenda.

Inu amene mudadwala ndipo mukuwerenga kapena wina akukuwerengerani nkhaniyi, palibe amene akukukakamizani kunena kuti matenda adakuchitirani zabwino. Adakulandani zambiri, ndipo muli ndi ufulu wolira. Koma mukudziwa chinthu chimene ife sitidziwa, ndipo m'mudzi mwanu muli munthu amene moyo wake ungadalire chimenecho.

Ndipo inu nonse okhala kufupi ndi nkhalango kapena amene mwadutsamo posachedwa: m'bale wanu akamatentha thupi osasintha ngakhale wamaliza LA, akayamba kugona masana kapena kusintha khalidwe, musadikire. Pitani naye kuchipatala, mutchule kuti amakhala kapena adapita kumene kuli kashembe, ndipo mupemphe kuti amuyeze kaodzera. Mankhwala ake ndi aulere. Akachira n'kubwerera, mubwezereni khasu lake, malo ake pa ukonde ndi mpando wake pabwalo.